"Sindinakuoneni, achimwene"

Mawu oyamba amene ndinamva nditagona pa tala anali a munthu amene anandigunda. Anagwada pambali panga manja akunjenjemera, n'kumangobwereza kuti, "Sindinakuoneni, achimwene. Ndithu sindinakuoneni." Anali bambo wachikulire, imvi mbuu kumutu. Sanaledzere, foni yawo inali m'thumba, ndipo galimoto yawo inali itaima kaye pamphambano monga mwa lamulo. Chimene chinkandisowetsa tulo masabata onse amene ndinakhala ndi chikhakha kumkono n'chakuti ine nkhope yawo ndinaiona asanalowe mumsewu. Anatembenuza mutu, anayang'ana kumene ndinkachokera, maso awo anadutsa pa ine, kenaka galimoto n'kuyamba kuyenda.

Inali nthawi ya chisisira, dzuwa litangolowa koma mdima usanagwire. Ndinkachokera kuntchito pa njinga yamoto imene ndinali nditayenda nayo zaka zingapo popanda ngozi. Njinga inali yakuda, jekete yakuda, chisoti chakuda, buluku lakuda. Nyali ndinali ndisanayatse chifukwa ine msewu ndinkauona bwinobwino. Apa ndi pamene panagona kulakwitsa kwanga: ndinkayesa kuti ngati ine ndikuona, ndiye kuti enanso akundiona. Mwayi wanga unali woti sindinkathamanga kwambiri. Ndinagwira mabuleki, njinga inamenya chitseko cha kumbuyo, ine n'kugwera chammbali. Mkono unathyoka pafupi ndi dzanja, bondo linasupuka, chisoti chinang'ambika pamalo amene mutu wanga ukanamenya.

Pansi pa mpando wa njingayo panali vesiti yachikasu ya mizere yonyezimira, yopindidwa bwino, yosavalidwapo. Anandigulira ndi achemwali anga aakulu chaka chimene ndinagula njinga. Ndinawathokoza, ndinaiika pansi pa mpando, ndipo inakhala pomwepo. Ndinkaona ngati ndi chovala cha anthu ophunzira kumene kapena okonza misewu, ndipo ndinkadziuza kuti munthu wodziwa kuyendetsa amadalira maso ndi manja ake. Achemwaliwo atabwera kudzandizonda sanandidzudzule. Anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi chovala chija mukanali nacho?" Ndinasowa choyankha.

Munthu wa mkono umodzi amakhala ndi nthawi yambiri yowerenga. Ndinkafuna kudziwa ngati bambo aja ankanama, chifukwa mumtima ndinali nditawaweruza kale kuti anandiona n'kungoganiza kuti wanjinga aima yekha. Zimene ndinapeza zinandichotsa mkwiyo, koma zinandipatsa mantha ena.

Mu 1981 ku America kunatuluka lipoti la kafukufuku amene anatsogolera Harry Hurt wa pa University of Southern California. Iye ndi anzake anafufuza mozama ngozi 900 za njinga zamoto m'dera la Los Angeles. Anapeza kuti pafupifupi ngozi zitatu pa zinayi zilizonse zinali zogundana ndi galimoto ina, ndipo pa ngozi zogundanazo, ziwiri pa zitatu zilizonse anali woyendetsa galimotoyo amene analowerera njira ya wanjinga. Chifukwa chachikulu chinali choti sanaione njingayo, kapena anaiona mochedwa. Nthawi imene wanjinga amakhala nayo yoti achitepo kanthu pa ngozi zoterezi siikwana masekondi awiri. Nditawerenga ndinaona ngati akufotokoza madzulo anga aja, chonsecho lipotilo ndi la zaka makumi angapo zapitazo ndiponso la msewu wa dziko lina.

Nanga zimatheka bwanji munthu kuyang'ana chinthu koma osachiona? Diso limalandira zambiri, koma ubongo umasankha zimene ukufuna. Dalaivala amene waima pamphambano amafunafuna chinthu chachikulu, chotambalala, cha nyali ziwiri. Akapanda kuchiona, ubongo umamuuza kuti msewu uli mbee. Akatswiri awiri a za maganizo, Daniel Simons ndi Christopher Chabris, anaonetsa zimenezi mu 1999. Anauza anthu kuti aonere kanema wa anthu oponyerana mpira n'kumawerenga kuti a malaya oyera aponyerana kangati. Pakati pa masewerowo panadutsa munthu atavala ngati gorila. Pafupifupi theka la oonerawo sanamuone. Ngati gorila angadutse munthu akuyang'ana osamuona, kuli bwanji wanjinga wovala zakuda nthawi ya chisisira, kumbuyo kwake kuli mitengo, mithunzi ndi magalimoto ena?

Palinso china. Njinga imene ikubwera molunjika kwa iwe siioneka ngati ikuyenda. Imangokhala kadontho kamene kakukula pang'onopang'ono, ndipo kamadzakula mwadzidzidzi kali pafupi kale. Chinthu chaching'ono chimaonekanso ngati chili patali ndiponso ngati chifika mochedwa kusiyana ndi chachikulu chimene chili pa mtunda womwewo. Choncho ngakhale dalaivala amene wakuona akhoza kuganiza kuti nthawi yolowa ilipo. Njinga yoyenda makilomita 60 pa ola imadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse. Sekondi imodzi yokha imene dalaivala angakuonere msanga ndi mamita 17 amene wapatsidwa ulele, ndipo ine amene anandisowa kuti ndiime madzulo aja anali ochepa kuposa amenewo.

Kafukufuku amene anandichititsa kutulutsa vesiti ija ndi wa ku New Zealand, wofalitsidwa mu 2004 m'magazini ya zachipatala ya BMJ. Susan Wells ndi anzake anayerekeza okwera njinga zamoto amene anavulala kapena kufa pangozi m'dera la Auckland ndi ena amene ankangoyenda m'misewu yomweyo. Amene ankavala zowala kapena zonyezimira chiopsezo chawo chinali chotsika ndi 37 peresenti. A chisoti choyera chinali chotsika ndi 24 peresenti poyerekeza ndi a chisoti chakuda. Oyatsa nyali masana chinali chotsika ndi 27 peresenti. Mnzanga wina nditamuonetsa manambalawa anati mwina anthu ovala zowala ndi anthu osamala kale, ndiye n'chifukwa chake sachita ngozi kawirikawiri. Mfundo yake ndi yomveka ndipo sindiinyoza. Komabe ine ndinayang'ana zinthu zitatuzo n'kuona kuti tsiku limene ndinagundidwa ndinalibe ngakhale chimodzi.

Chikhakha chitachoka ndinagula chisoti choyera, ndinayamba kuvala vesiti, ndipo nyali ndimayatsa ndikangoliza injini, kaya ndi usana kaya ndi usiku. Ndinkaona ngati nkhani yatha. Koma panali zambiri zimene ndinali ndisanazidziwe za chovala chimenechi, ndipo ndi zimenezo zandichititsa kulemba.

Usiku wina mng'ono wanga ankanditsatira pa galimoto tikuchokera kumodzi. Titafika anatsika ali ndi nkhope yosakondwa. "Achimwene, vesiti yanuyo mwavala kuti aione ndani? Ine kumbuyo kuno ndimangoona kanyali kofiira basi." Ndinadabwa, chifukwa vesitiyo ndinali nditavala. Anandilozera chikwama chakuda chimene ndinabereka kumsana. Chinali chitaphimba mizere yonse yonyezimira ya kumbuyo. Miyezi iwiri yathunthu ndinkayenda usiku ndikudziona wotetezeka, pamene kwa wobwera kumbuyo ndinali munthu wakuda yemwe uja. Kuyambira tsiku limenelo chikwama ndimachimanga pa mpando wa kumbuyo, ndipo ndikakakamizika kubereka ndimavala vesiti pamwamba pake.

Usiku womwewo tinayesa zinthu zingapo pamalo opanda magetsi. Iye anavala vesiti yanga n'kukaima patali, ine ndinakhala pampando wa dalaivala nditayatsa nyali. Aliyense woyendetsa njinga yamoto ayenera kuchita zimenezi kamodzi pa moyo wake, chifukwa sitidziona momwe anzathu amationera. Chikasu chowala chija, chimene masana chimalasa m'maso, usiku chinangokhala chotuwa ngati nsalu ina iliyonse. Zimene zinkaoneka ndi mizere yasiliva yokha, yoyaka ngati yaikidwa magetsi.

Pambuyo pake ndinamvetsa chifukwa chake. M'chovala chimodzi muli zinthu ziwiri zogwira ntchito mosiyana. Nsalu yachikasu kapena yaolenji ili ndi utoto umene umatenga kuwala kwa dzuwa kumene maso athu sakuona n'kukusandutsa kuwala kooneka, n'chifukwa chake imaoneka ngati ikuyaka masana, makamaka m'mbandakucha, nthawi ya chisisira ndi kukachita mitambo. Dzuwa likapita mphamvu yake imapita nalo, chifukwa nyali za galimoto sizipereka kuwala kwa mtundu umenewo kokwanira. Mizere yasiliva ija ili ndi timikanda tagalasi ting'onoting'ono, kapena timagalasi tamakona, timene timabweza kuwala kumene kwachokera. Nyali ya galimoto ikaiwomba, kuwalako kumabwerera kwa dalaivala amene wakhala kumbuyo kwa nyaliyo. Masana mizereyi siithandiza kwenikweni. Choncho jekete yachikasu yopanda mizere ndi ya masana okha, ndipo jekete yakuda ya mizere yonyezimira ndi ya usiku wokha. Amene amayenda nthawi zonse ziwiri afunika zonse ziwiri.

Tinaonanso chinthu chimene chinandiziziritsa nkhongono. Mng'ono wanga ataima chammbali, kumene nyali sizinaloze, mizere ija inazima. Taganizani za galimoto imene yaima pamphambano usiku ikufuna kulowa mumsewu wanu. Nyali zake zaloza kutsogolo kwake, inu mukubwera cha kumbali. Kuwala kwake sikukufikani, ndiye palibe chimene mizere yanu ingabweze. Pamalo oopsa kwambiri aja, pamene ine ndinagundidwira, chovala chonyezimira usiku chimathandiza pang'ono zedi. Pamenepo chimene chimakuonetsani ndi nyali yanu.

Kutsogolo kulinso vuto lake ngakhale masana. Lipoti la Hurt lija linapeza kuti zoopsa zambiri, zoposa zitatu pa zinayi, zimachokera kutsogolo kwa wanjinga. Koma munthu akakhala panjinga, chifuwa chake chimabisika ndi nyali, mahandulo, mikono ndi galasi lotchinga mphepo ngati lilipo. Vesiti yopanda manja imaoneka bwino kumbuyo ndi m'mbali kuposa kutsogolo. N'chifukwa chake chisoti choyera ndimachiwerengera kwambiri. Ndi chimene chili pamwamba pa zonse, chimaonekera pamwamba pa madenga a magalimoto ang'onoang'ono, ndipo chimagwedezeka mutu ukamatembenuka. Diso la munthu limakopeka msanga ndi chinthu choyenda. Pa chifukwa chomwecho ndinasoka timizere tonyezimira pa magolovesi ndi kumbuyo kwa nsapato, ndipo nditapeza mpata ndinagula jekete ya manja aatali yokhala ndi chikasu m'mapewa ndi m'mikono.

Tsono ndifotokoze za tsiku limene ndinatsala pang'ono kugundidwanso, nditavala zonsezi.

Unali m'mawa, dzuwa lili kumsana kwanga, chisoti choyera kumutu, jekete yowala, nyali ikuyaka. Kutsogolo galimoto inaima pamsewu waung'ono ikudikira kulowa. Mayi amene ankayendetsa anayang'ana mbali yanga. Thupi langa linakumbuka zakale ubongo usanaganize. Ndinasiya kuyang'ana nkhope yawo n'kuyang'ana tayala la kutsogolo la galimoto yawo, ndinabweza mafuta, zala ziwiri zili kale pa buleki. Tayala linayamba kuzungulira. Ndinaima patatsala mwina mita imodzi kuti ndimenye chitseko chawo. Mayiwo anagwira pakamwa, anatsitsa galasi n'kunena mawu omwe aja: "Pepani bambo, sindinakuoneni." Ndinawakhulupirira. Dzuwa limene linkandiunikira ine msewu linkawathobwa iwo m'maso, ndipo mkati mwa kuwala koteroko chikasu changa chinangosungunuka. Kuyambira pamenepo ndikaona chithunzithunzi changa chatalika kutsogolo kwanga, ndimadziwa kuti amene ali kumene chalozako sakundiona bwino.

Tsiku limenelo chovala sichinandipulumutse. Anandipulumutsa ndi mantha amene ndinatsala nawo pangozi yoyamba. Ndipo apa ndi pamene ndimagwirizana ndi anzanga amene amakana zovala zowala, ngakhale kuti pomaliza timasiyana. Iwo amati munthu akavala vesiti amayamba kukhulupirira kuti waonedwa, ndiye amasiya kukonzekera. Zimenezi zimachitikadi, ndipo zinandichitikira miyezi ija ya chikwama. Amatinso chikasu sichioneka paliponse: kumbuyo kwako kukakhala basi yachikasu, zikwangwani zowala kapena thengo lowala ndi dzuwa, munthu wovala zakuda akhoza kuoneka bwino kuposa iwe. Nazonso n'zoona, chifukwa chimene diso limagwira ndi kusiyana kwa chinthu ndi zimene zili kumbuyo kwake. Koma pa ulendo umodzi kumbuyo kwako kumasintha kambirimbiri, ndipo m'misewu yambiri zimene zimakuzungulira ndi tala wakuda, mithunzi, matayala ndi magalimoto a mitundu yodera. Pa malo khumi amene ndimadutsa, chikasu chimandisiyanitsa pa ambiri. Kusiya kuchivala chifukwa cha malo ochepa amene sichithandiza, ine sindikuona nzeru yake.

Mfundo yawo imene imandikhudza mtima ndi ina. Amafunsa kuti, bwanji udindo ukukankhidwira kwa wogundidwa? Amene ayenera kuyang'ana bwino ndi dalaivala. Tikazolowera kunena kuti wanjinga azivala zowala, mawa wina akagundidwa atavala zakuda anthu adzati wadziputira yekha. Ine ndinalawako zimenezi. Anthu ena odzandizonda funso lawo loyamba linali loti ndinavala chiyani, ngati kuti amene analowerera njira ya mnzake ndine. Zinkandipweteka, ndipo mpaka lero ndimanena kuti kulakwa kunali kwa bambo aja, monganso iwo eni anavomerera. Koma kukhala wosalakwa sikunalumikize fupa langa. Amene anagona ndi ululu, amene analephera kugwira ntchito, amene mpaka pano dzanja limamuwawa kukazizira, ndine. Madalaivala aphunzitsidwe kuyang'ana kawiri, inde, ndipo ndikakhala pa chiwongolero ndimachita zimenezo. Pamene tikudikira kuti onse aphunzire, thupi limene lili panja ndi langa.

Za lamulo, maiko amasiyana. Ku France kuyambira mu 2016 woyendetsa njinga yamoto amayenera kukhala ndi vesiti yowala pafupi, yoti avale akaima mwadzidzidzi pamsewu, koma sakakamizidwa kuivala poyenda. M'chigawo cha Victoria ku Australia, kuyambira mu 2014 ophunzira kuyendetsa njinga yamoto amayenera kuivala nthawi zonse akamayenda. Njira ya ku Victoria imandisangalatsa chifukwa imagwira munthu pa nthawi imene sanaphunzire kuwerenga msewu, ndipo chizolowezi chimayambira pomwepo. Ya ku France nayo ili ndi nzeru imene ndinaiona njinga itandizimira usiku m'mbali mwa msewu wopanda magetsi: njinga ikazima nyali zonse zimatha kuzima, ndipo chimene chimatsala kuti uoneke ndi chimene wavala.

Pogula, yang'anani kachikwangwani ka mkati. Zovala zopangidwa motsata muyezo wa ISO 20471 zimalembedwa nambala imeneyi, ndipo zambiri zimanenanso kuti zingachapidwe kangati mphamvu yake isanathe. Ine sindinkadziwa kuti vesiti imakalamba. Dzuwa limadya utoto, kuchapa kumakokolola timikanda, fumbi ndi utsi zimaphimba mizere. Ya achemwali anga ija nditaivala chaka ndi miyezi, ndinaiyandikiza kwa yatsopano ndipo inali itatuwa ngati chisanza, ine osazindikira chifukwa inkafwifwa pang'onopang'ono. Kuyesa kwake n'kosavuta: ipachikeni pamdima, bwererani mapazi makumi awiri kapena atatu, gwirani tochi pafupi ndi diso lanu n'kuiunika. Tochi ikhale pafupi ndi diso, chifukwa kuwalako kumabwerera kumene kwachokera. Mizere ikakhala ya mawangamawanga kapena yozimirira, nthawi yake yatha. Sankhaninso yokugwirani bwino, ya zipi, chifukwa yomata ija mphepo imaitsegula n'kumaikupiza mpaka kukwera kukhosi. Ndipo musaiwale kuti vesiti ndi kansalu chabe. Mukagwa imang'ambika nthawi yomweyo. Imavalidwa pamwamba pa jekete yolimba, siilowa m'malo mwake.

Bambo amene anandigunda aja anabwera kudzandiona kawiri. Ulendo wachiwiri anandiuza kuti kuyambira tsiku lija akafika pamphambano amayang'ana, n'kuyang'ananso, ndipo kachiwiriko amadziuza mumtima kuti akufuna njinga. Anati zimawadabwitsa kuchuluka kwa njinga zimene amaziona tsopano m'misewu imene akhala akuyendamo zaka zonsezi. Ndinawafunsa ngati akanandiona ndikanavala vesiti. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Achimwene, ndikanakonda mukanavala. Mwina maso angawa akanakodwapo."

Mkazi wanga anatenga nthawi kuti avomere kukweranso njinga. Tsiku limene anavomera, mng'ono wanga anali pomwepo, ndipo titangokhala pampando anaseka n'kunena kuti alamu ake asanduka chikwama chija. Ankanena zoona: munthu wokwera kumbuyo amaphimba msana wonse wa woyendetsa, ndipo mkazi wangayo anali atavala juzi yakuda. Ndinatsika, ndinavula vesiti yanga n'kumuveka, ine n'kutsala ndi jekete ya chikasu m'mapewa. Mawa lake ndinakagula ina ya saizi yake pamodzi ndi chisoti choyera chachiwiri, ndipo zonse zimapachikidwa pa msomali umodzi ndi makiyi a njinga.